Kodi Mwana Ayambe Liti Kuyenda Yekha? Phunziro Lochokera ku Ulaya ndi ku America



M'chaka cha 1997 mayi wina wa ku Denmark anali mumzinda wa New York ku America. Tsiku lina analowa m'malo odyera ndi bambo wa mwana wake, ndipo mwanayo, yemwe anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, anamusiya panja m'kangolo kake, pafupi ndi zenera. Anthu ena ataona izi anaimbira apolisi. Mayiyo anamangidwa, mwana anatengedwa ndi boma kwa masiku angapo, kenako mlandu unathetsedwa. Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku Copenhagen zimene anachitazo n'zamasiku onse. Amayi kumeneko amaimika timangolo ta ana panja pa mashopu ndi malo omwera tiyi, ngakhale kukuzizira, pokhulupirira kuti mpweya wa panja umagoneka mwana bwino. Chomwe kwina ndi chisamaliro, kwina chinasanduka mlandu.

Nkhaniyi ndi yakale, koma funso lomwe inadzutsa likadalipo ndipo palibe kholo lomwe lingalithawe. Kodi mwana ayambe liti kupita yekha kusukulu, kukagula yekha kusitolo, kukwera basi yekha, kusewera panja popanda wamkulu womulondera? Maiko a ku Ulaya ndi dziko la America onse ndi olemera, onse ali ndi sukulu, zipatala ndi apolisi okwanira, koma ayankha funsoli mosiyana kwambiri. Ine ndili ndi mbali yanga pankhaniyi. Ndikuona kuti njira ya maiko ambiri a ku Ulaya ndiyo yokomera mwana. Komabe ndikupempha kuti tione chifukwa chake modekha, pakuti ambiri amafulumira kunena kuti makolo a ku America ndi amantha basi. Nkhani siili choncho.

Tiyambe ndi mmene m'mawa umakhalira ku Ulaya. Ku Switzerland mwana wa zaka 5 kapena 6 amapita kusukulu ya mkaka wapansi, yekha kapena ndi anzake, atavala kalamba konyezimira pachifuwa kuti oyendetsa galimoto amuonere patali. Chaka chikayamba wapolisi amabwera kudzaphunzitsa anawo kuwoloka msewu: aime, ayang'ane, amvetsere, kenako awoloke. Masukulu ambiri amapempha makolo kuti asamatule ana pa galimoto, chifukwa galimoto za makolo zomwezo ndizo zimadzaza pakhomo pa sukulu n'kuika ana a anthu ena pangozi. Ku Germany ana a kalasi yachinayi amayesedwa mayeso okwera njinga, ndipo apolisi amathandizana ndi aphunzitsi pa ntchitoyi. Ku Netherlands ana a zaka pakati pa 10 ndi 12 amalemba mayeso a malamulo a pamsewu, ndipo akafika kusekondale ambiri amapalasa njinga makilomita angapo tsiku ndi tsiku, mvula kapena dzuwa. Ku Finland sukulu imayamba mwana ali ndi zaka 7, ndipo si zachilendo kumuona akuyenda yekha ndi chikwama kumsana, ngakhale m'nyengo yozizira pamene kunja kumachedwa kuyera. Mu 2015 bungwe la Policy Studies Institute la ku London linayerekeza maiko 16 pa ufulu womwe ana amapatsidwa woyenda okha, ndipo Finland ndiyo inali patsogolo, Germany pambuyo pake.

Ku America zinthu zinapita kwina. Mu 1969 ana pafupifupi 48 mwa 100 alionse ankapita kusukulu wapansi kapena pa njinga. Pofika mu 2009 anali 13 okha. Enawo amakwera basi yachikasu ya sukulu kapena amanyamulidwa ndi makolo. Mu 2008 mtolankhani wina wa ku New York, Lenore Skenazy, analola mwana wake wa zaka 9 kubwerera yekha kunyumba pa sitima ya pansi pa nthaka. Anamupatsa mapu, khadi lokwerera sitima ndi ndalama pang'ono. Mwanayo anafika bwinobwino, ali wokondwa. Mayiyo atalemba nkhaniyi m'nyuzipepala, dziko lonse linagwedezeka ndipo ena anamutcha mayi woipitsitsa mu America. Chakumapeto kwa 2014, ku Maryland, apolisi anatola ana awiri apachibale, wa zaka 10 ndi wa zaka 6, akuchokera kumalo osewerera kupita kwawo, ndipo makolo awo anafufuzidwa ngati anthu olekerera ana. Zinafika poti mu 2018 chigawo cha Utah chinakhazikitsa lamulo lonena kuti kulola mwana wozindikira kupita yekha kusukulu kapena kusewera panja si kumulekerera. Zigawo zina monga Texas, Oklahoma ndi Colorado zinatsatira. Taganizirani, abale anga: chinthu chomwe agogo awo ankachichita osaganiza kawiri, lero chikufuna nyumba ya malamulo kuti ichiteteze.

Nanga chinachitika n'chiyani? Choyamba ndi mantha obwera ndi nkhani za pa wailesi ndi pa kanema. Mu 1979 mnyamata wa zaka 6 anasowa ku New York akupita kokwerera basi ya sukulu, tsiku loyamba lomwe anamulola kupita yekha. M'zaka za m'ma 1980 zithunzi za ana osowa zinayamba kusindikizidwa pa mapaketi a mkaka, kotero kuti banja linkadya chakudya cha m'mawa likuyang'anizana ndi nkhope ya mwana wosowa. Nkhani zoterezi n'zopweteka ndipo palibe amene angazipeputse. Koma kafukufuku wa boma la America lomwelo anapeza kuti milandu yoti mwana wabedwa ndi munthu wosamudziwa, mwa mtundu womwe makolo amauopa kwambiri, imakhala pafupifupi 100 pa chaka, m'dziko la ana oposa 70 miliyoni. Nkhanza zambiri zomwe ana amakumana nazo zimachokera kwa anthu omwe amawadziwa kale. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 umbanda unatsika kwambiri ku America, koma mantha sanatsike nawo. Mtima wa kholo umasunga nkhani imodzi yoopsa kuposa ziwerengero chikwi.

Chachiwiri, chomwe kwa ine ndicho chachikulu, ndi kamangidwe ka mizinda. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu a ku America anamanga madera okhalamo kunja kwa mizinda, ndipo mu 1956 boma linayamba ntchito yaikulu yomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo. Malamulo a m'madera ambiri analetsa kumanga sitolo pakati pa nyumba zokhalamo. Zotsatira zake n'zakuti nyumba ili kuno, sitolo ili makilomita angapo uko, sukulu ili kwina, ndipo pakati pake pali msewu waukulu wa mizere inayi kapena isanu ndi umodzi. Malo ambiri alibe ngakhale kanjira ka anthu oyenda pansi. Mwana wa m'dera lotere, ngakhale makolo atamulola, alibe kopita ndi miyendo yake. Amadikira galimoto ya mayi ake mpaka atakwanitsa zaka 16, pomwe zigawo zambiri zimalola munthu kutenga chiphaso choyendetsera.

Misewu imeneyi imaphadi anthu. M'zaka zaposachedwa anthu ofa pa ngozi za pamsewu ku America akhala pafupifupi 40,000 pa chaka, pomwe maiko a mu European Union, omwe pamodzi ali ndi anthu ambiri kuposa America, amataya pafupifupi 20,000. Mu 2022 anthu oyenda pansi pafupifupi 7,500 anaphedwa ndi galimoto ku America, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekenso kwa zaka 40. Galimoto zomwe anthu akugula kumeneko zikunka zikula ndi kutalika kutsogolo, kotero kuti dalaivala samuona mwana wamfupi ali pafupi ndi bampala. Onjezani nkhani ya mfuti: kuyambira mu 2020 mfuti zinapitirira ngozi za galimoto n'kukhala chinthu chopha ana ndi achinyamata ambiri m'dzikomo, ndipo masukulu amachititsa ana zoyeserera za kubisala ngati munthu wamfuti atalowa. Choncho kholo la ku America likakaniza mwana kuwoloka msewu wina yekha, nthawi zambiri silikulakwa. Lawuona msewuwo ndi maso ake.

Chachitatu ndi mmene anthu oyandikana amakhalira. Munthu akaona mwana ali yekha pabwalo, akhoza kumufunsa kuti kwanu n'kuti, kapena akhoza kuimbira apolisi. Ku America ambiri anazolowera kuimba foni. Ndipo chikwapu cha lamulo chimagwa kwambiri pa osauka. Mu 2014 mayi wina ku South Carolina anamangidwa chifukwa mwana wake wa zaka 9 ankasewera pabwalo la masewera la anthu onse pomwe iye anali kuntchito kumalo ogulitsira zakudya. Wolemera amalemba wantchito woyang'anira ana. Wosauka amasankha pakati pa ntchito ndi mlandu.

Tsopano wina anganene kuti a ku Ulaya anangobadwa ndi mwayi wa mizinda yakale yomwe nyumba, sitolo ndi sukulu zili pafupi. Mbali ina n'zoona. Koma mbiri ya Netherlands ikutsutsa zoti zonse ndi mwayi. M'zaka za m'ma 1960 dzikolo linkatsata njira ya America yomweyo: galimoto zinkachuluka, nyumba zinkagwetsedwa kuti misewu ikule. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo sanayankhe potsekera ana m'nyumba. Anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Anatseka misewu ndi matupi awo, anatulutsa matebulo n'kudyera pakati pa msewu, anapita kwa andale. Mu 1973 mafuta atavuta padziko lonse, boma linaletsa galimoto kuyenda masiku angapo a Lamulungu, ndipo anthu anaona ndi maso awo mmene mzinda umakhalira ana akamasewera pamsewu. Mumzinda wa Delft munayamba misewu ya m'madera okhalamo yotchedwa woonerf, momwe galimoto imayenda pang'onopang'ono ngati mlendo, ndipo woyenda pansi ndiye mwini malo. Anamanga njira za njinga zolekanitsidwa ndi za galimoto. Lero anthu ofa pamsewu m'dzikolo safika gawo limodzi mwa magawo anayi a chiwerengero cha 1971, ngakhale kuti anthu ndi galimoto zachuluka.

Maiko ena anachita zofanana. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku Sweden inavomereza ndondomeko yotchedwa Vision Zero, yomwe mfundo yake ndi yakuti munthu amalakwitsa, mwana makamaka, choncho msewu umangidwe mwanjira yoti kulakwitsa kusamathere kumanda. Mu 2019 mumzinda wa Oslo ku Norway simunafe munthu woyenda pansi kapena wa panjinga ngakhale mmodzi chaka chonse. Mizinda ya Brussels ndi Paris inatsitsa liwiro la galimoto m'misewu yambiri kufika makilomita 30 pa ola mu 2021. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: galimoto yoyenda pang'onopang'ono imaima msanga, ndipo ikagunda munthu mwayi woti apulumuke umakhala waukulu.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mwana ndi galimoto zikakumana pamsewu, pali mayankho awiri. Mukhoza kuchotsa mwana pamsewu, kapena mukhoza kuchotsa ngozi pamsewu. America kwakukulu inasankha loyamba, ndipo katundu yense anagwera kholo limodzi ndi galimoto yake. Maiko ngati Netherlands anasankha lachiwiri, ndipo katunduyo anagawana boma, sukulu, apolisi, madalaivala ndi makolo. Mutu umodzi susenza denga. Kholo la ku Delft silikonda mwana wake mochepera kuposa la ku Texas, ndiponso silolimba mtima kuposa mnzakeyo. Kusiyana kwake n'kwakuti lina lili ndi mudzi wonse kumbuyo kwake pomwe linalo lili lokha.

Sindikufuna kukunamizani kuti Ulaya ndi paradizo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku England, mu 1971 ana 80 mwa 100 alionse a zaka 7 ndi 8 ankapita kusukulu popanda wamkulu, koma pofika mu 1990 anali 9 okha. Ngakhale ku Germany ufulu wa ana wakhala ukuchepa poyerekeza ndi kale. Komanso ku America kuli malo ngati New York komwe ana a sekondale ambiri amakwera sitima ndi basi okha tsiku lililonse. Choncho tisamalankhule ngati kuti mtundu wina wa anthu unabadwa wanzeru. Pomwe misewu ndi malamulo zimaganizira mwana, mwana amayenda. Pomwe sizimuganizira, amatsekeredwa.

Palinso mawu a kholo lomwe linganene kuti: "Ziwerengero zanuzo n'zabwino, koma mwana wanga ndi mmodzi. Chikamuchitikira chinthu, madzi akatayika saoleka." Mawuwa ndimawalemekeza, ndipo sindingaseke munthu wowanena. Koma ndikupempha kuti tiwerengenso mtengo wa mbali inayo, chifukwa kutsekera mwana nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti suoneka tsiku limodzi. Mwana wosayenda thupi limafooka. Sadziwa njira za m'dera lake, sadziwa kufunsa munthu wamkulu mwaulemu akasochera, sadziwa kuzindikira munthu wokayikitsa, sadziwa kuthetsa mkangano ndi anzake popanda wamkulu woweruza. Ndipo m'nyumba momwe tikuti ndi motetezekamo muli foni, yomwe imalowetsa alendo ambiri kuchipinda kwa mwana kuposa omwe akanakumana nawo panjira ya kusukulu. Mu 2024 katswiri wa za maganizo wa ku America, Jonathan Haidt, anatulutsa buku lotchedwa The Anxious Generation, momwe akunena kuti ana atetezedwa mopitirira muyeso panja koma asiyidwa okha pa intaneti, ndipo kuti izi zikuwonjezera nkhawa mwa achinyamata. Akatswiri anzake ena amatsutsa kuti foni ndiyo gwero lalikulu la vutolo, ndipo mtsutsowo ukupitirira. Koma mfundo yoti munthu amaphunzira kudziteteza poyesera pang'onopang'ono siyofuna buku. Tsiku lidzafika ndithu pomwe mwana adzatuluka pakhomo yekha, kupita kukoleji kapena kuntchito. Funso ndi lakuti adzatuluka ataphunzira kapena adzakaphunzirira komweko, pomwe kulakwitsa kuli ndi mtengo waukulu. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Pano ndichenjeze, kuti wina asandimve molakwa. Kupatsa mwana ufulu ndi kumulekerera ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wa ku Switzerland uja sanangotayidwa pamsewu. Makolo anayenda naye njirayo kangapo, wapolisi anamuphunzitsa, wavala chonyezimira, akuyenda ndi anzake, aphunzitsi akudziwa nthawi yomwe ayenera kufika, ndipo dalaivala akudziwa kuti akapanda kuima pomwe ana awolokera lamulo limugwira. Ufulu wake uli ndi malire, ndipo malirewo amakula chaka ndi chaka monga mmene nzeru zake zikukulira. Mwana yemwe palibe akudziwa komwe ali, yemwe abwera usiku popanda womufunsa, ameneyo sali pa ufulu, wangosowa womusamala. Wolemba wina wa ku America komweko, Jane Jacobs, analemba mu 1961 kuti msewu umakhala wotetezeka pakakhala anthu ambiri owuyang'ana: wa sitolo, mayi wa pazenera, wodutsa ndi njira. Ife mfundoyi timaidziwa m'mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Dera likataya mtima umenewu, apolisi ndi makamera sangaubwezeretse.

Kwa inu amene muli ndi abale omwe akulera ana kunja, auzeni kuti afunse malamulo a komwe ali asanachite zomwe anazolowera. Ku America malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku England lamulo silitchula msinkhu womwe mwana angasiyidwe yekha, koma kumusiya mwanjira yomuika pangozi ndi mlandu. Mayi wa ku Denmark uja sanali woipa mtima, koma sanadziwe kuti walowa m'dziko loona zinthu mwina. Safunsa anadya phula.

Nanga ife titengepo chiyani? Kwa makolo ndinena kuti musafunse kokha ngati mwana ayende yekha kapena ayi. Funsani kuti ndi chiyani chomwe angathe chaka chino chomwe sankatha chaka chatha, ndipo mwamuphunzitsa chiyani kuti achithe. Yendani naye njira, muonetseni powolokera, muuzeni koti athawire zikavuta, mugwirizane nthawi yofika, kenako mumulole ayese. M'mera mpoyamba. Kwa akuluakulu a komiti ndinena kuti makolo a ku Netherlands sanali akatswiri a misewu. Anali anthu wamba omwe anakana kuvomereza kuti imfa za ana ndi mtengo wa chitukuko, ndipo anagogoda pa zitseko za olamulira mpaka zinatseguka. Anthu ogwirizana akhoza kupempha chikwangwani, powolokera ana, kapena chotchinga liwiro, ndipo akhoza kumvedwa. Kwa inu ophunzira ndinena kuti ufulu umagulidwa ndi kukhulupirika. Ukanena kuti ufika nthawi yakuti, fika nthawi yomweyo. Ukanena kuti uli kwakuti, ukhale komweko. Kholo lomwe lakuona ukusunga pangano laling'ono silivutika kukupatsa lalikulu.

Dziko lolemera kwambiri padziko lapansi linafika poti mwana wa zaka 10 akuyenda masana kupita kwawo anatoledwa ndi apolisi. Dziko lina laling'ono linaika ana oposa 400 m'manda chaka chimodzi, linasintha misewu yake, ndipo lero ana ake akupalasa njinga okha kupita kusukulu. Onse ankafuna kuteteza ana. Ine ndikuti amene anateteza bwino ndi amene anasiyira mwana msewu woti ayendemo.